Mbiri ya Amisiri Osula Mabodi a Magalimoto ku Britain

Munthu akaona galimoto ya zaka 60 ikudutsa mumsewu, ili nyezinyezi ngati yangotuluka kumene m'fakitale, kawirikawiri amatama mwini wake amene wakhala pachiwongolero, kapena kampani imene dzina lake lalembedwa paboneti. Koma mwini ulemu weniweni sakhala pamenepo, pakuti iye amatsalira m'galaja, pakati pa nyundo, tupa ndi fumbi la utoto, ndipo dzina lake sililembedwa paliponse pa galimotoyo. Ntchito ya munthu ameneyu, yosula ndi kuwongola mabodi, njakale kupambana galimoto imene. Idabadwira m'nyumba za okhoma magareta a akavalo, idapirikitsidwa m'mafakitale ndi makina, nibisala zaka zambiri m'magalaja okonza zangozi, kufikira pamene okonda magalimoto akale adaifunafuna naipeza isanatsirizike. Mbiri yake imaoneka bwino koposa m'dziko la Britain, ndipo kumeneko ndiko tiyenera kuilondola.

M'chaka cha 1677 Mfumu Charles II idapereka kalata yachifumu kwa amisiri a magareta a mumzinda wa London, yowaloleza kukhala bungwe laokha loyang'anira ntchito yawo, ndipo msewu wa Long Acre udatchuka chifukwa cha nyumba zawo. Gareta silinali ntchito ya munthu mmodzi ayi. Panali mmisiri wa matabwa, amene ankalumikiza mafupa ake ndi mtengo wa ash, umene uli wolimba koma wopepuka, wosathyoka msanga pogwedezeka m'njira zamabampu. Panali wosula zitsulo pachipala, wokhoma mawilo, wosoka zikopa za mipando, ndiponso wopaka utoto. Mnyamata wofuna umodzi wa mausiri amenewa ankaperekedwa kwa mbuye wake zaka 7, monga lidaikira lamulo la 1563, ndipo zaka zoyambazo ankazithera pa kusesa, kunyamula ndi kupera utoto pamwala, maso ake akuba pang'onopang'ono zimene manja a akulu ankachita. Wopaka utoto ndiye ankayesa mtima wa wogula koposa onse, pakuti ankapaka ndi burashi, kudikira kuti uume, kukwecha ndi mwala wofewa ndi madzi, kupakanso, kudikiranso, kambirimbiri, kenaka n'kumaliza ndi vanishi m'chipinda chotsekedwa kuti fumbi lingagwerepo. Motero gareta limodzi linkatha masabata angapo m'manja mwake, ndipo ngakhale nduna ya mfumu inalibe mphamvu yofulumizitsa vanishi kuuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku ndiko cholowa choyamba chimene amisiri a magareta adasiyira ana awo a magalimoto.

Pamene magalimoto adayamba kuoneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makampani opanga magalimoto apamwamba sankagulitsa galimoto yathunthu monga tiidziwira lero. Ankagulitsa chasisi yokha, pamodzi ndi injini ndi mawilo, ndipo wogulayo ankaitumiza kwa okhoma magareta kuti akaiveke bodi monga mwa kufuna kwake. Nyumba ya Barker, imene idayamba m'chaka cha 1710, ndiyo idakhoma bodi ya Rolls-Royce yotchuka ija ya 1907, yotchedwa Silver Ghost. Nyumba ya Hooper, imene inkatumikira banja lachifumu chiyambire masiku a akavalo, idapitiriza kulitumikira m'masiku a petulo. Bwana ankafika kwa mmisiri, namufotokozera msinkhu wake, kutalika kwa chipewa chake ndi kuchuluka kwa banja lake. Ankaonetsedwa zojambula, nasankha mtundu wa utoto ndi chikopa, nabweranso kudzaona ntchito ili pakati, mafupa a matabwa akali poyera. Tisunge bwino chithunzi chimenechi, cha wogula ndi mmisiri akupangana pamaso ndi pamaso za galimoto imodzi yokha, chifukwa mwambo umenewu udzazimirira kwa nthawi, koma tidzakomana nawonso.

M'zaka zimenezo matabwa opyapyala ophimba kunja adayamba kusiyidwa, chifukwa ankang'aluka ndi liwiro ndi kugwedeza kwa injini, ndipo m'malo mwake mudalowa zitsulo zopyapyala, makamaka aluminiyamu, zokhomeredwa pa mafupa a ash aja. Apa ndipo padadzuka mmisiri amene nkhani ino ikunena. Zida zake zinali zochepa ndi zonyozeka pozipenya: thumba lachikopa lodzaza mchenga, chitsa cha mtengo chogobedwa pakati, nyundo zamtengo ndi zachitsulo zamitundumitundu, tizitsulo tolemera togwirira kuseri pomenya, ndi makina oyendetsa ndi manja otchedwa English wheel, amene ali mawilo awiri achitsulo, lina pamwamba lina pansi, opanikiza chitsulo chopitidwa pakati pawo. Nzeru yake yonse inali pa zinthu ziwiri, kutanula chitsulo ndi kuchifinya. Akafuna kuti chitsulo chafulati chikhale ndi mimba monga madigadi, ankachimenya pakati chili pathumba la mchenga, kuti pakatipo patanuke ndi kupyapyala, ndipo m'mphepete ankapindamo makwinya n'kuwamenya mwaluso kuti chitsulo chilowane ndi kunenepa. Atatero ankachiyendetsa pakati pa mawilo aja, kupita ndi kubwera, iye mbali ino mnyamata wake mbali inayo, kufikira mabala onse a nyundo atafafanizika. Kenaka ankachiyesa pa chifanizo chamatabwa cha galimotoyo, napeza pamene pasiyana, nabwereranso kuthumba. Chodabwitsa nchakuti mmisiri wotere sakhulupirira kwambiri maso ake. Amayendetsa chikhatho pachitsulo, nkhope atayang'ana kumbali, ndipo khungu la dzanja limamuuza chitunda ndi chigwa zimene diso silingaone kufikira utoto wonyezimira utaziulula. Nzeru yotereyi silembeka m'buku, ndipo chifukwa chake ikasowa wophunzira kwa mbadwo umodzi wokha imatha.

Mdani wa nyundo adachokera kutsidya kwa nyanja. Ku Philadelphia, m'dziko la America, Edward Budd adakhazikitsa kampani m'chaka cha 1912 yopanga mabodi achitsulo okhaokha, opanda thabwa, odindidwa ndi makina olemera amene ankatulutsa chitseko kapena madigadi m'kamphindi, chilichonse chofanana ndi chinzake. Ndipo m'chaka cha 1914 abale a Dodge adayamba kumugula mabodi ambirimbiri. Utoto nawo udasanduka. Henry Ford adagulitsa Model T yakuda yokhayokha kuyambira 1914 mpaka 1925. Koma kampani ya DuPont idatulutsa utoto wa Duco, wopopera ndi mpweya, wamitundu yambiri, umene unkauma m'maola m'malo mwa masabata, ndipo magalimoto a Oakland a 1924 ndiwo adayamba kuuvala. William Morris, wopanga magalimoto wa ku Oxford, ataona zimenezi ku America sadagone tulo, ndipo m'chaka cha 1926, mogwirizana ndi Budd, adatsegula kampani ya Pressed Steel ku Cowley. Sitingadandaule nazo kwambiri, pakuti makina amenewa ndiwo adatsitsa mtengo wa galimoto kufikira mphunzitsi ndi kalaliki adatha kuigula. Koma kwa amisiri a nyundo chinali chiyambi cha masautso.

Nkhondo ziwiri zikuluzikulu zidawapatsa kopumira, popeza ndege zinkafuna manja odziwa mtengo ndi aluminiyamu, kotero kuti pa nkhondo yoyamba nyumba ya Hooper idakhoma ndege za Sopwith Camel. Koma nkhondo yachiwiri itatha, ngakhale Rolls-Royce nayo idagonja: m'chaka cha 1946 idatulutsa Bentley Mark VI yovala bodi yachitsulo yodindidwa ku Pressed Steel, ndipo olemera ambiri adakhutira nayo osafunanso kupita kwa mmisiri. Nyumba zakale zidagwa imodziimodzi. Barker inali itamezedwa kale ndi Hooper m'chaka cha 1938, Hooper nayo idaleka kukhoma mabodi m'chaka cha 1959, H. J. Mulliner ndi Park Ward zidagulidwa ndi Rolls-Royce nizilumikizidwa m'chaka cha 1961. Kampani yaing'ono ya Morgan ku Malvern ndiyo idaumirira mafupa a ash, ndipo ikali kutero mpaka lero. Amisiri otsalawo adabalalikira m'magalaja a m'mizinda ndi m'midzi, kumene ntchito yawo idasanduka yowongola zimene ngozi yapinda. Ndipo munthu amene kale ankaumba madigadi a nduna tsopano ankawongola chitseko cha vani ya wogulitsa buledi. Ena anganene kuti kunali kutsika, koma kunena zoona magalaja amenewa ndiwo adasunga moto kuti usazime.

Tsono padabuka mdani wina, wochokera m'kati mwa chitsulo chenichenicho. Magalimoto atsopano, monga Morris Minor ya 1948 ndi Mini ya 1959, analibe chasisi yapayokha. Bodi yeniyeniyo ndiyo inkasenza injini, mawilo ndi anthu, ndipo mphamvu yake inali m'timabokosi tachitsulo chopyapyala towotchereredwa pansi pa zitseko ndi pansi pa mipando. M'timabokosi timeneti munkalowa madzi osatulukanso, ndipo popeza ku Britain amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu kuti madzi oundana asungunuke, dzimbiri linkadya kuchokera m'kati, kunja kukali kowala. Pamene boma lidayambitsa m'chaka cha 1960 mayeso a chaka ndi chaka otchedwa MOT, kuyambira ndi magalimoto a zaka 10 ndi kupitirira, unyinji wa magalimoto udalephera nutayidwa kwa ophwanya zitsulo. Ndipo ambiri mwa amene lero afunidwa ndi ndalama zochuluka adaphwanyidwa m'masiku amenewo popanda wowalira.

M'nyengo yomweyo mudafika chinthu chimene chidachepetsa ulemu wa ntchitoyi. Amisiri akale ankasalaza polumikizira ndi mtovu: ankatsuka chitsulo, kuchitenthetsa ndi lawi, kufewetsa mtovu kufikira utakhala phala, kuusalaza ndi thabwa lodzozedwa mafuta a nyama, ndipo ukazizira n'kuupala ndi tupa. Ngakhale m'fakitale ya Jaguar, bodi ya E-type ya 1961 inkamalizidwa motero. Inali ntchito yofuna luso, ndiponso yowononga thupi, chifukwa fumbi la mtovu ndi chiphe. Koma m'zaka za m'ma 1950 mudatuluka fila wa pulasitiki, wosakaniza ndi mankhwala oumitsa, amene aliyense angathe kumata popanda moto. Fila payekha alibe tchimo. Wopakidwa mopyapyala pachitsulo chowongoka bwino amagwira ntchito yake mokhulupirika. Tchimo lidali la anthu amene adaona kuti angathe kutseka naye bowo la dzimbiri, atatsendera kuseri nyuzipepala kapena waya wa sefa, n'kupopera utoto pamwamba, n'kugulitsa galimotoyo kwa munthu wosadziwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo n'chifukwa chake kufikira lero wogula galimoto yakale wochenjera amayenda ndi maginito m'thumba, nawayendetsa m'munsi mwa zitseko, pakuti pamene maginito akana kugwira pabodi yachitsulo, pamenepo pabisala bodza.

Chikondi cha magalimoto akale chidayamba mwa anthu ochepa amene anzawo ankawaseka. Pa 14 Novembala 1896 eni magalimoto adayenda ulendo wochokera ku London kupita ku Brighton, kukondwerera lamulo latsopano limene lidawamasula ku liwiro la mamailosi 4 pa ola. Ulendowu udatsitsimutsidwa m'chaka cha 1927, ndipo uchitikabe Lamulungu loyamba la Novembala, wa magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1905. Bungwe la Veteran Car Club lidabadwa m'chaka cha 1930. Lord Montagu adaika magalimoto 5 m'chipinda cholowera cha nyumba yake ku Beaulieu m'chaka cha 1952, ndipo mbewu imeneyo idakula nikhala National Motor Museum m'chaka cha 1972. Kanema wa Genevieve wa 1953, wonena za Darracq ya 1904 paulendo wa ku Brighton, adafikitsa chikondichi kwa anthu wamba, amene adayamba kusuzumira m'makola ndi m'mashedi a makolo awo. Ndipo aliyense wopeza galimoto yotere posachedwa ankazindikira kuti injini ili ndi chiyembekezo, chifukwa zitsulo zake zingathe kusemedwanso ndi makina, koma madigadi owola a galimoto imene kampani yake idafa kale sagulidwa m'sitolo iliyonse pansi pano. Pamenepo nkhalamba za thumba la mchenga zidakumbukiridwa.

Motero mwambo uja wa wogula ndi mmisiri udabwerera, koma ndi kusiyana kumodzi kwakukulu: wokhoma gareta ankadziwa mtengo wa ntchito asanayambe, chifukwa ankayamba ndi zipangizo zatsopano, pamene wokonza galimoto yakale sadziwa chimene chili pansi pa utoto kufikira ataupala wonse. Apa ndipo pachokera milandu yambiri ya eni magalimoto ndi magalaja. Mwini amamva mtengo pa tsiku loyamba, nausunga mumtima ngati lumbiro. Mmisiri akapala utoto napeza fila wonenepa ngati chala ndi zigamba zowotchereredwa pamwamba pa dzimbiri ndi munthu wina zaka 30 zapitazo, mtengo umakwera, nthawi imatalika, ndipo chikhulupiriro chimayamba kugwedezeka. Magalaja okhulupirika adaphunzira kugawa ntchito m'zigawo, choyamba chikhale kupala ndi kuona, ndipo mtengo wa zotsala unenedwe chitsulo chili poyera, mwini ataitanidwa kudzaona ndi maso ake. Adaphunziranso kulemba pangano, kujambula zithunzi za chigawo chilichonse chisanaphimbidwe, ndi kulandira malipiro monga mwa ntchito yomalizidwa. Mwini naye ali ndi mangawa ake. Amene apereka ndalama zonse pachiyambi n'kusowa chaka chathunthu asadabwe kupeza galimoto yake itakankhidwira kumbuyo, ntchito zazing'ono za ngozi zikulowa ndi kutuluka. Ndipo amene atengera galimoto yakale ku galaja yozolowera kumasula chitseko chophwanyika n'kumangapo chatsopano, wasokera khomo, ngakhale galajayo ikhale yokhulupirika chotani, popeza ntchito ziwirizi nzosiyana.

Ntchito yeniyeniyo ili ndi dongosolo limene silidumphika. Asanadule chitsulo chowola cha pansi pa zitseko, mmisiri amayamba wawotcherera mipiringidzo m'kati mwa bodi, kuti ingapindike mphamvu yake ikachotsedwa, zitseko n'kukana kutsekeka mpaka muyaya. Amadula kufikira atafika pa chitsulo choyera, amajambula bowolo pa katoni, naumba chigamba cha kunenepa kofanana ndi chitsulo chakale. Pochiwotcherera sayendetsa moto mzere umodzi, koma amadontheza apa ndi apo motalikirana, nadikira kuti pazizire, chifukwa kutentha kumakoka chitsulo chopyapyala n'kuchikhotetsa. Kenaka zitseko, boneti ndi madigadi zimamangidwa ndi kumasulidwa kangapo, kufikira mipata yonse italingana. Ndipo utoto umene anthu amautama uli chabe chovala chotsiriza pa ntchito ya miyezi, imene gawo lake lalikulu ndi kukwecha ndi sanipepa.

Pamene ntchitoyi idakula, padauka funso limene likali kugawa akatswiri: kodi galimoto ingasinthidwe kufikira pati isanaleke kukhala yomwe ija? Magalimoto a MGB, amene adapangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, oposa 500,000, adawola ochuluka kotero kuti m'chaka cha 1988 kampani ya British Motor Heritage idasonkhanitsa zidindo zakale za fakitale niyamba kudinda mabodi atsopano athunthu. Ambiri adakondwera, ndipo magalimoto ochuluka adapulumuka. Koma ena adafunsa ngati galimoto ya bodi yatsopano, mipando yatsopano ndi utoto watsopano ikali cholowa, kapena yangosunga nambala yokha. Ku mipikisano ya kukongola, monga wa ku Pebble Beach ku California umene udayamba m'chaka cha 1950, kudaoneka magalimoto osalala kupambana mmene adatulukira m'fakitale, chizindikiro chilichonse cha dzanja la mmisiri woyamba chitafafanizidwa. Bungwe la FIVA, logwirizanitsa okonda magalimoto akale a m'maiko ambiri, lidayankha ndi pangano la Turin Charter, limene lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2013, lolimbikitsa kusunga chitsulo choyambirira paliponse pamene chingasungike. Ndipo m'chaka cha 2024, kwa nthawi yoyamba, mphotho yaikulu ya ku Pebble Beach idapita kwa galimoto yosungidwa ndi zipsera zake, Bugatti Type 59 ya 1934. Ine ndiima ndi maganizo amenewa. Kutaya madigadi akale n'kumangapo atsopano nkwapafupi. Kuwapulumutsa, podula kachigawo kowola kokha n'kulumikiza chatsopano mosaoneka msoko, kumafuna mmisiri wamkulu koposa, ndipo kumalemekeza munthu amene adawasula poyamba.

Ku Britain adazindikira mochedwa kuti amisiri akukalamba opanda olowa m'malo, ndipo tsopano pa bwalo lakale la ndege zankhondo la ku Bicester pali magalaja ambiri a magalimoto akale pamodzi ndi sukulu yophunzitsa anyamata ndi atsikana ntchito zimenezi. Ife kwathu kuno tili ndi chuma chimene iwo adatsala pang'ono kutaya. Misewu yathu sithiridwa mchere, motero ma Peugeot 404 ndi 504, ma Land Rover a bodi ya aluminiyamu, ma Bedford ndi ma Morris amene adatumikira makolo athu sawola msanga monga abale awo a ku Europe; ndipo popeza zitseko ndi madigadi atsopano nzodula ndi zosowa, amisiri a ku Ndirande, ku Biwi ndi m'matauni ena sadaleke kuwongola ndi nyundo chimene kwina akadangochitaya. Koma fila ndi wotsika mtengo, eni magalimoto ali pachangu, ndipo mnyamata wophunzira lero angathe kumaliza zaka zake osaona chitsulo chikufinyidwa ndi moto ndi nyundo. Tipempha akuluakulu a TEVETA ndi a masukulu a ntchito zamanja kuti afunefune nkhalamba zodziwa kuumba chitsulo zikali ndi mphamvu m'manja, aziitane kudzaphunzitsa, ndi kuzilipira moyenera ulemu wawo. Ndipo inu amene mutengera galimoto yanu kwa mmisiri, mufunseni kuti akuonetseni chitsulo chili poyera asanapopere utoto, mumpatse nthawi yokwanira, ndipo mumlipire mtengo wa ntchito ya nyundo.